Bodza Langa Linalowa M'maminitsi

Boma litanditumiza kukaphunzitsa ku Rumphi, abale anga anandiperekeza pa depoti ya Ntcheu ndi nkhope za pamaliro. Mlongo wanga anandipatsa juzi ziwiri. Malume anandikokera pambali n'kundichenjeza kuti kumeneko ndizikayankhula mosamala, chifukwa ngakhale mayi wogulitsa tomato amatha kukukonza Chingerezi. Ndinaseka kwambiri, poti ine ndiye ndinkapita kukaphunzitsa Chingerezicho. Sabata yoyamba isanathe, mayi wina pamsika anandikonzadi, anthu akumva, ndipo nditafika kunyumba n'kutsegula dikishonale ndinapeza kuti wolakwa ndinali ine.

Kwathu ndinali munthu wa pakamwa. Pamaliro, paukwati, pabawo, nkhani inkadikira ine. Ku Rumphi pakamwapo panauma. M'chipinda cha aphunzitsi anzanga ankayamba nkhani m'Chitumbuka, mkangano ukakula ankalumphira m'Chingerezi, ndipo Chichewa ankasungira ine, monga mmene mayi amasungira mbale ya alendo. Sankandida ayi, anali anthu aulemu mpaka kutopetsa. Koma aliyense anali ndi amalume amene anaphunzira kunja, kapena agogo amene ankaimba belu ku mishoni, ndipo ine ndinalibe chonena pamenepo. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinafika ndi juzi ziwiri basi, ndipo ndinkasungulumwa koopsa.

Malo okha amene ndinkapumirako anali shopu yometera tsitsi, kuseri kwa msika, pamsewu wopita ku Bolero. Mwini wake anali bambo wa ku Nchenachena, wamkulu pang'ono kwa ine, wosayankhulayankhula. Tonse tinkangowatcha ameti. Pashelefu anali ndi tiivi yaing'ono, ndipo pambali pake panali makina a gemu, akuda, ofunditsidwa kansalu koluka ndi akazi awo, poti fumbi la pa boma la Rumphi limalowa ngakhale m'botolo lotseka. Odikira kumetedwa ankasewera mpira pa makinawo: makalaliki a pa boma, namwino wina wamwamuna, alimi a fodya obwera kudzafunsa za mabelo awo. Ena ankabwera mitu ikuwala, yometedwa dzulo lomwe, n'kumati angowongolako m'mbali.

Makinawo anali ndi mbiri, ndipo aliyense ankauzidwa mbiriyo asanagwire padi yosewerera. Amene anabwera nawo anali mng'ono wa ameti, yemwe ankagwira ntchito ku Joni. Anafika pa Khirisimasi ina, nakhala masabata atatu maso ali pa tiivi, akumanga timu yakeyake. Anafufuta mayina a osewera akunja n'kulembamo a anyamata a kumudzi kwawo, amene ankamenya nawo chikulunga pabwalo la mishoni. Iye mwini anadziika nambala naini, nadzipatsa liwiro lonse ndi mphamvu zonse zimene makinawo ankalola, poti panalibe womuletsa. Timuyo anaisunga m'kakadi kolowetsa kutsogolo kwa makina, kochepa kuposa bokosi la machesi. Kenako anabwerera ku Joni, ndipo ulendo wotsatira anabwera ali m'bokosi, pangolo yokokedwa ndi galimoto.

Lamulo la m'shopumo linali limodzi. Sankha timu iliyonse padziko lapansi, koma ya ku Nchenachena usaikhudze. Lamulungu akaweruka ku tchalitchi, ameti ankatseka chitseko theka n'kusewera gemu imodzi okha ndi timu imeneyo. Ndinawapeza tsiku lina nditabwerera chipewa chimene ndinaiwala. Anali adakali m'jekete ya kutchalitchi, atakhala pa benchi ya makasitomala, ndipo mpira uliwonse ankaupereka kwa nambala naini, ngakhale atazingidwa ndi adani anayi. Nkhope ya nambala nainiyo inali ngati ya ena onse m'makinamo, yamakona ngati njerwa, maso timadontho tiwiri. Koma ameti anandiuza osatembenuka kuti kathamangidweko ndi kake ndithu, kopendekera kumanzere. Ndinatenga chipewa changa n'kutuluka mwakachetechete.

Mphekesera ya makina atsopano inafika itakulunga nsapato. Kalaliki wina anagula nsapato pa kaunjika ku Mzuzu, ndipo anamukulungira m'tsamba la magazini yakunja. Patsambapo panali chithunzi cha makina amene ankati akubwera kudzalowa m'malo mwa athuwa, koma mbali imene inkafotokoza zambiri inali itang'ambika. Tsambalo linamatidwa pakhoma, ndipo kuyambira tsiku limenelo m'shopumo munalibenso mtendere. Wina ankati makinawo adzakhala akuda, wina ankati asiliva, poti chithunzicho chinali chitasuluka. Wina ankati osewera azidzatuluka thukuta looneka. Wina ankafuna kudziwa ngati refa wa m'makina atsopanowo angathe kuyankhulidwa pambali. Palibe mmodzi wa ife amene anali atawaonapo, ndipo zimenezi zinkatipatsa ufulu waukulu. Inali nthawi ya matipate, aliyense anali ndi maganizo ake ndipo palibe ankafuna kufa nawo m'mimba.

Amene anatiika m'dongosolo ndi ahedi ena opuma pantchito, mkulu wa mpingo, amene ankakonda kunena kuti magemu ndi njira yachidule yopita ku ulesi. Anabwera kudzameta Loweruka lina mkangano uli pakati. Anapirira pang'ono, nsalu yometera ili m'khosi, kenako anakweza dzanja. Sanadandaule kuti tikukangana za chinthu chachabe. Chimene chinawapweteka n'chakuti tinkayankhula anthu asanu nthawi imodzi popanda wapampando. Muyenera kudziwa kuti ku Rumphi anthu atatu akamadikira minibasi, mmodzi amakhala wapampando, wina mlembi, wachitatu amafunsa ngati zimenezi zili m'malamulo. Tsiku lomwelo tinasanduka komiti. Ahedi anavomera upampando atakana kawiri, monga mwa mwambo. Ulembi unagwera ine chifukwa cha kalembedwe kanga kokongola, ndipo anandipatsa kope lachikuto cholimba.

Tinkakumana Loweruka lililonse masana, ameti akumeta chakumbali. Tinkayamba ndi pemphero. Kenako ndinkawerenga maminitsi a sabata yatha, wina n'kunena kuti ndi oona, wina n'kuikira kumbuyo, ahedi n'kutulutsa cholembera chawo cha inki n'kusaina pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo. Akasaina, nkhani yatha. Umu ndi mmene anazolowerera ku mabwalo a mpingo zaka zambirimbiri, kuti chosainidwa sichibwezedwa. Komitiyo inagawanika msanga, a makina akuda mbali iyi, a makina asiliva mbali iyo. Namwino uja anasintha chipani kawiri mwezi umodzi, nthawi zonse akunena kuti akutsatira zofuna za anthu.

Pamsonkhano wachitatu ahedi anati mlembi nayenso ali ndi pakamwa, anenepo zake. Onse ananditembenukira mwaulemu, mmene akuluakulu amayang'anira mwana woyesa kuyenda. Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti msuweni wanga ali ku Joni, amagwira ntchito m'sitolo yogulitsa makina omwewa, ndipo mabwana ake anamuonetsa kale atsopanowo kuseri. Msuweni ndili naye ndithu. Amagulitsa kabichi pa Lizulu, ndipo kutali kumene anafikako ndi ku Balaka. Onse anatchera khutu. Ndinamva kukoma kumene ndinali nditakuiwala chichokereni kwathu, kukoma kwa anthu akudikira kuti umalize kuyankhula. Ndinalemba ndekha m'kope kuti mlembi wadziwitsa komiti za msuweni wake. Loweruka lotsatira ndinawerenga, anaikira kumbuyo, ahedi anasaina, ndipo msuweni wanga anasamukira ku Joni mwalamulo.

Kuyambira pamenepo pa ajenda panali mutu wokhazikika, lipoti la msuweni. Sabata iliyonse ndinkayenera kubwera ndi chatsopano, ndipo ndinkachipeka poyenda kuchokera kusukulu. Ndinati magetsi akazima makinawo azidzapitiriza okha mpaka gemu ithe, ndipo anthu anaomba m'manja. Ndinati mvula ikagwa m'gemu, padi izidzazizira m'manja. Ndinati mapadi adzakhala opanda chingwe, ndipo bodza limeneli ndi limene linakayikiridwa kwambiri. Wokayika aliyense ankangoyankhidwa kuti zili m'maminitsi, adada, iye n'kukhala pansi. Ndinayamba kuitanidwa ku maukwati. Anzanga kusukulu anayamba kundifunsa maganizo pa nkhani zina zomwe. Mayi wa tomato uja anayamba kundiikira basela. Ndinalembera malume kalata kuti Rumphi ndi malo abwino, anthu amangowanamizira.

Komiti inabala kakomiti kolandira makina. Anakambirana Loweruka lathunthu kuti woyamba kugwira padi adzakhale ndani, ndipo anagwirizana zotsata msinkhu, kutanthauza kuti ahedi, amene anali asanagwirepo padi chibadwire, ndiwo adzatsegulire. Anakambirananso ngati padzafunike kwaya. Kalipentala wa pafupi anaitanidwa kuti akhome kabati yatsopano, ndipo miyeso anafunsa ine. Ndinatambasula manja mmene ndinaonera kuti n'koyenera, iye n'kuyeza ndi tepi mpata wa pakati pa zikhatho zanga, n'kulemba pakhoma ndi pensulo. Kabatiyo inatuluka yaikulu moti mwana wa mbuzi akanagonamo atatambalala.

Ameti sankayankhula pamisonkhano. Ankangometa, kusesa, nthawi zina kumwetulira. Ine ankanditchula asambizgi, ndiko kuti aphunzitsi m'Chitumbuka. Anandifunsa tili awiri, Lachitatu lina masana, ndili pampando, makina ometera akulira kuseri kwa khutu langa.

"Asambizgi, mundifunsireko kwa asuweni. Kakadi aka kadzalowa m'makina atsopanowo?"

Yankho loona linali lakuti sindikudziwa, koma mawu amenewo ndinali nditasiya kuwatchula. Ndinati kadzalowa bwinobwino, timu yonse idzasamuka. Ndikanalekera pomwepo mwina zikanakhalako bwino, koma pakamwa pozolowera kuomberedwa m'manja sipadziwa poima. Ndinawonjezera, osafunsidwa, kuti makina atsopanowo amalandira chithunzi cha munthu, ndipo wosewera amavala nkhope yeniyeni ya mwini chithunzicho, mpaka kumwetulira akagoletsa.

Makina ometera anazima. Ndinawaona pagalasi ameti ataima, dzanja lili m'malere.

"Nadi?"

"Zoona, achimwene."

Loweruka ameti anapempha kuyankhula kwa nthawi yoyamba, kuti nkhani ya nkhopeyo ilembedwe. Ndinailemba, ndipo sabata yotsatira inasainidwa. Anthu atabalalika ameti anandipatsa envulopu yaing'ono ya chopereka cha kutchalitchi. Munali chithunzi cha mng'ono wawo, chojambulidwa mu situdiyo ku Mzuzu asanapite ku Joni, ataponda pampando ndi phazi limodzi, akuseka mano onse ali pamtunda. Anati ndi chokhacho chimene banja lili nacho, amayi awo kumudzi achita kuchichotsa m'Baibulo. Anandipempha kuti ndichitumize kwa msuweni ayambiretu kukonza nkhopeyo, kuti makina akamafika mng'ono wawo akhale wokonzeka. Anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kuthokoza kuti yewo chomene. Ndinakachiika m'dikishonale muja, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kuitsegula. Ndinkachita manyazi, ndinkachita mantha, koma ulemu umene ndinkalandira ndinkaukonda kuposa zonsezo. Sindikufuna kudzikometsera pano.

Kenako komiti inachita zimene makomiti amachita mfundo zikachuluka, inamanga chimodzi. Kalaliki wa nsapato uja anati makina atsopano akangofika, akalewa adzakhala chitsulo chabe, choncho nzeru ndi kuwagulitsa msanga kwa munthu amene sanamve, zopezekazo zikhale poyambira. Wosamvayo analipo. Renja wina woteteza nyama wa ku Thazima, pachipata cholowera ku Nyika, ankabwera kudzameta kumapeto kwa mwezi, ndipo anali atapempha kale kangapo kuti amugulitse makinawo akachotsere kusungulumwa kumsasa kwawo. Mlimi wina wa fodya wa ku Bolero anatsutsa. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ahedi anamuthokoza chifukwa cha mwambiwo, koma anagamula kuti mwambi sungagonjetse maminitsi osainidwa. Anafunsa ngati mlembi ali ndi chowonjezera. Ameti ankandiyang'ana. Ine ndinaweramira m'kope n'kumalemba.

Makinawo anapita ku Thazima m'katoni ya sopo, pa lole. Ameti anatsala ndi kakadi, nakaika m'thumba la shati lomanga ndi batani. Kansalu koluka kaja anakayala m'kabati yatsopano, kakufunditsa mphepo. Makasitomala a mitu yowala aja anasiya kubwera, ndipo ena enieni anayamba kukameta kwina kumene kunali wailesi. Ahedi okha ndi amene anakondwa, anati misonkhano ikuyenda bwino tsopano popanda phokoso la mpira. Lamulungu pochokera kutchalitchi ndinkazungulira njira ina kuti ndisadutse pashopupo. Tsiku lina ndinaiwala, ndipo ndinawaona ameti kudzera pachitseko chotseka theka, ali m'jekete, atakhala pa benchi, akuyang'ana tiivi yozima. Anandikodola n'kundifunsa ngati chithunzi chinafika bwino. Ndinati chinafika, ndipo msuweni akuti mnyamatayo anali wooneka bwino. Anaseka mosangalala, nati enya, atsikana a ku Nchenachena ankavutika naye.

Ndinayesapo kamodzi kuulula. Ndinapita kunyumba kwa ahedi, poganiza kuti mkulu wa mpingo adziwa mmene munthu amatulukira m'dzenje lodzikumbira yekha. Anandikhazika pa sofa, pansi pa masatifiketi a ana awo, ndipo amayi anabweretsa tiyi wamkaka ndi mbatata. Ndisanayambe, ahedi anandiuza kuti pa zaka zonse zimene akhala m'makomiti sanaonepo mlembi wosamala ngati ine, ndipo anapepesa kuti poyamba ankaganiza kuti anthu a kwathu sadziwa kusunga kope. Anati akufuna kudzanditchula kuti ndikhale mlembi wa komiti yokonza denga la tchalitchi. Ndinamwa tiyi makapu awiri, ndinathokoza, ndipo ndinabwerera kunyumba bodza langa lili lonse, litanenepa kumene.

Choonadi chinabwera ndi namwino. Anapita ku maphunziro a masiku atatu ku Mzuzu, ndipo m'malo modya nkhomaliro analowa mu intaneti kafe n'kusindikiza mapepala awiri. Anawayala pa benchi Loweruka, nkhope ili ya munthu amene wasinthanso chipani. Makinawo anali atatuluka kale kunja. Anali akuda, ndipo a chipani cha siliva anayamba pomwepo kunena kuti iwo ankatanthauza m'mbali mwake. Mtengo wake unali woti mlimi wa ku Bolero uja agulitse fodya, ngolo ndi ng'ombe zomwe. Mapadi analidi opanda chingwe, ndipo ine ndinadabwa kuposa onse. Koma za chithunzi panalibe mawu ngakhale amodzi, ndipo kutsogolo kwa makinawo kunali kosalala, kopanda polowetsa kakadi kakale.

Apa ndi pamene ndinaona mphamvu ya dongosolo. Ahedi anavala magalasi, anatembenuza mapepalawo kuseri, anawaunika pawindo. Anafunsa kuti walemba ndani. Namwino anati intaneti. Anafunsa kuti siginecha ili pati, chidindo chili pati, anaikira kumbuyo ndani. Zonsezo panalibe. Ndiye anagamula kuti komiti singataye maminitsi ake osainidwa chifukwa cha mapepala opanda mwini, ndipo nkhaniyo idikire lipoti la msuweni. Anthu anagwedeza mitu kuvomereza, namwino nayenso anayamba kuoneka wokayika. Pothawira panapezeka. Ndikanangonena kuti makina a ku Joni ndi a mtundu wina, n'kulemba, n'kusainitsa, ndikanadya ulemu chaka china chathunthu.

Koma ameti anasiya mutu wa munthu uli theka, nabwera kudzaima patsogolo panga, dzanja lili pathumba la shati.

"Asambizgi, ine za mapepala sindikuzidziwa. Inu ndinu mumayankhula ndi asuweni. Mundiuze waka, mng'ono wanga adzalowamo?"

Ndinaimirira, poti pamsonkhano wa ahedi munthu sayankhula atakhala. Ndinati msuweni wanga amagulitsa kabichi pa Lizulu. Ndinati ku Joni sindidziwako aliyense, makinawo sindinawaonepo, zonse ndinkazipeka pamsewu wochokera kusukulu, ndipo chithunzi chili kunyumba kwanga m'dikishonale. Palibe anakuwa. Kwathu akananditukwana, wina akanandiponyera nsapato, ndipo mawa lake tikanakhala limodzi pabawo. Kuno anangokhala chete mwaulemu, ndipo sindinamvepo kuwawa ngati kumeneko. Ameti anabwerera kukamaliza mutu uja.

Ahedi anatsokomola nati pali vuto la kayendetsedwe ka zinthu. Masamba osainidwa sang'ambidwa ndipo safufutidwa. Njira yokha inali yakuti mlembi alembe zokonza, mfundo ndi mfundo, atchule tsamba lake, awerenge pamaso pa onse, kenako zisainidwe. Kalaliki anati mlembiyo achotsedwe, koma atayang'ana kalembedwe ka ena onse anaona kuti palibe angalowe m'malo. Choncho Loweruka lotsatira ndinaima n'kuwerenga mabodza anga limodzilimodzi, m'kalembedwe kanga kokongola kaja, ndipo pa lililonse wina ankati ndi zoona kuti linali bodza, wina n'kuikira kumbuyo. Pa mapadi opanda chingwe panabuka mkangano wautali, woti bodza limene lapezeka loona lilembedwe mbali iti. Nkhaniyo anaiimika kuti idzakambidwe mtsogolo, ndipo ndikukhulupirira kuti ikudikirabe.

Chithunzi ndinachibweza tsiku lomwe ndinaulula. Ameti anachitulutsa mu envulopu, anachiyang'ana mbali zonse, nachipukuta pa shati. Ndinapepesa ndi mawu ambiri, Chichewa changa chonse cha ku Ntcheu, koma iwo anangoti amva. Sukulu itatsekera ndinakwera lole ya matola kupita ku Thazima kukapempha renja uja kuti atibwezere makina. Anandilandira bwino, anandipatsa tiyi, nakana. Anati anzake kumsasako ayambitsa ligi, ili pakati, ndipo akawachotsera makinawo adzamusiya yekha kutchire ndi afisi. Komanso anali atamva kuti atsopanowo salandira makadi akale, ndiye akalewa ndi ofunika kuwasunga. Nkhani inali itafika ku Thazima msanga kuposa ine. Koma nditamufotokozera za nambala naini anati ameti azibwera Lamulungu lililonse limene angafune, adzawapatsa mpata.

Ulendo woyamba ndinawaperekeza. Sanandiitane, koma sanandibweze. Tinanyamuka mapemphero a m'mawa atatha, tinakhala kumbuyo kwa lole pamwamba pa matumba a feteleza, msewu ukutigwedeza mafupa, ndipo tinafika jekete yawo yakuda itasanduka yofiira. Marenja anaimitsa ligi yawo, natuluka panja mmodzimmodzi, aliyense akuti wakumbukira kantchito kena. Ameti anamasula batani, analowetsa kakadi, ndipo mayina a anyamata a ku Nchenachena anatuluka pa tiivi, onse khumi ndi mmodzi. Anasewera gemu imodzi. Nambala naini anagoletsa zigoli ziwiri, nathamangira kukona atapendekera kumanzere, nkhope yake ya njerwa ija ili chimodzimodzi. Ameti anachotsa kakadi, natulutsa chithunzi m'thumba la jekete. Anayang'ana dzanja ili, nayang'ana dzanja ilo.

"Nkhope ndili nayo apa, kuthamanga ndili nako apa," anatero. "Zaka zonsezi ndinali nditazolowera kuti zili padera. Inu ndi amene munandiuza kuti zidzakumana."

Pobwerera lole inachedwa, ndipo tinakhala pamwala pachipatapo nthawi yaitali, tikudya nthochi zimene anagula iwo n'kundigawira.

Ndinakhalanso ku Rumphi zaka zinayi. Komiti inafa yokha, ngakhale ahedi ankati sinathetsedwe mwalamulo. Kabati ija ameti ankasungiramo matawulo. Ku Thazima ankapita kamodzi pamwezi, nyengo ya mvula osapita n'komwe. Chithunzi, atapempha amayi awo, anachimata pakona ya galasi la m'shopu, pamwamba chakumanja, pamene maso a munthu wometedwa amafikapo okha. Ndikanatha kukameta kwina, kwa wailesi kuja, koma ndinkaona kuti kumeneko kukhala kuthawa kachiwiri. Ndiye mwezi uliwonse ndinkakhala pampando uja n'kutsinzina, ngati ndikuopa tsitsi kulowa m'maso. Ameti ankameta bwinobwino, osafulumira, osanditema ngakhale kamodzi. Akamaliza ankandisansa tsitsi m'khosi, n'kugwira mutu wanga ndi manja awiri, n'kuuwongolera kugalasi.

"Tsegulani maso, asambizgi," ankatero mofatsa. "Muone makora ngati ndameta bwino."